Masipoko

Mvula ya ku Mzuzu siodira, imangofika.
Ikayamba kumenya malata athu ku Chibavi
Vinjeru amatseka makutu ndi zikhatho
n'kukwawira pansi pa tebulo,
ine n'kumutsatira, bambo ndi ndevu zanga,
mawondo pa simenti yozizira,
kudikira naye kuti kumwamba kutonthole.

Ali ndi zaka zisanu.
M'nyumba muno muli zinenero ziwiri:
mayi ake, NyaMhango, amamuitana m'Chitumbuka,
ine wa ku Ntcheu m'Chichewa.
Iye sanasankhepo.
Akafuna madzi amandigwira pamkono
ngati chogwirira cha ndowa
n'kukandisiya pa mpopi.

Ku chipatala chachikulu anatilembera liwu m'kabuku kake:
otizimu.
Ndinaliwerenga katatu ndili pa benchi.
Nditafunsa za mankhwala, namwino anavula magalasi.
Anati, "Bambo, si malungo awa."

Amayi a pa mjigo ali nalo dzina lawo.
Amati ndinamukhwimira,
ndinagulitsa lilime la mwana kuti ndilemere.
Chumacho chili kuti?
Njinga imodzi ya kabaza, mpando wosokedwa ndi ulusi wa thumba,
imene ndimapalasa choimirira pa chitunda cha ku Katoto
wokwera ali phee kumbuyo, akuseka pa foni.

Madzulo ndikaigadamiza kuti ndidontheze oilo pa tcheni
amabwera yekha, osaitanidwa.
Chala chimodzi pa gudumu, nkhope pafupi,
pafupi mpaka ndimaopera mphuno,
masipoko n'kusungunuka, kusanduka utsi wowala.
Apo ndiye amaseka.
Kusekako si kwanga, ndikudziwa,
koma ndimatolako zogwera pansi.

Ku sukulu ya mkaka ku Zolozolo anamubweza tsiku lachinayi.
Akuti amatafuna kolala, sakhala pamzere.
Pamzere?
Abwere adzaone zitsekerero za mabotolo
zimene wandandalika kuchokera pakhomo mpaka kubafa,
zofiira zokhazokha, kenako zobiriwira,
popanda n'chimodzi chomwe chopotoka.

Chimene chimandidzutsa usiku ndi masamu.
Ine makumi anayi ndi chimodzi,
bondo lakumanzere layamba kale kudandaula.
Iye akadzakwana makumi awiri
adzakhala wamtali kundiposa, wa mawu aakulu opanda mawu,
ndipo mvula idzakhala ikugwabe.
Ndi tebulo liti lidzamukwane?
Ndani adzadziwe kuti kapu ndi yabuluu yokha,
kuti buledi samunyemera pakati,
kuti akamakupiza manja ngati mbalame yonyowa
sakudwala ayi, wakondwa?
Wapolisi wa pa depoti akadzamufunsa dzina
iye maso ali pa matayala a basi,
adzamudikira mpaka liti?

Mlongo wake Mbachi, wa sitandade folo,
anandipeza ndikuwerenga ndalama za tsiku,
anati, "Adada, musadandaule, ndidzamusunga ine."
Ndinamuuza apite akasewere fulaye.
Ndanyamulapo matumba a makala, mbuzi, mayi wodwala,
ndimadziwa katundu wopinda felemu.

NyaMhango wagula kope la masamba makumi asanu ndi atatu.
Pachikuto walemba: Kwa amene adzatsale naye.
Sitikumudziwa munthuyo.
Mwina sanabadwe, mwina ndamukwezapo kale osadziwa.
Usiku uliwonse timaonjezamo mzere:
Musamudzidzimutse kumbuyo.
Chigayo muzichilambalala.
Akaluma dzanja lake, zimitsani wailesi.
Dzina lake amalimva, mungomupatsa nthawi.

Dzulo chifunga chinatsika msanga kuchokera ku Kaning'ina.
Ndinali pa khonde, sipanala m'manja,
iye anandigwira pamkono, monga mwa masiku onse.
Ndinaimirira kuti tipite ku mpopi.
Anandikokera pansi.
Anatenga chala changa, chakuda ndi girisi,
n'kuchiika pa gudumu, pambali pa chake.
Sanandiyang'ane.
Tinakankha.

Sindinalembe zimenezi m'kope muja.
Sindikudziwa kuti ndingazilembe bwanji.